Dzanja Lamanzere la Kabatani

1. Ntchito ya Kapitawo

M'nyumba ya Atelala munali ana awiri okha, onse aakazi. Wamkulu anali ku sekondale, ndipo aliyense pa mzere uja wa mashopu ankamutchula kuti Kapitawo. Dzinali silinangobwera lokha ayi. Chimwalirireni mayi ake, mtsikanayu ndiye ankadzutsa anthu m'mawa, kugawa ntchito ndi kudzudzula aliyense wotaya ulusi pansi, ngakhale bambo ake amene.

Wamng'ono anali ku pulayimale. Iyeyu ankatchedwa Kabatani, chifukwa ali wokwawa anameza batani la malaya a kasitomala, nyumba yonse n'kusowa mtendere mpaka batanilo litatuluka.

Shopu inali chipinda cha kutsogolo kwa nyumbayo. Munali makina osokera pafupi ndi zenera, tebulo lalitali lodulirapo nsalu, simbi ya makala pakona, ndi rula yaitali yamtengo yopachika pa msomali. Rula imeneyi inali ndi ntchito ziwiri. Yoyamba inali yoyezera nsalu. Yachiwiri inali ya dzanja la Kabatani, pakuti mwanayu anabadwa wamanzere, ndipo bambo ake zimenezo sankafuna kuzimva n'komwe.

Chaka chimene Kabatani ankayamba sukulu, Atelala anamukhazika pansi Kapitawo.

"Tamvera mwana wanga," anatero. "Ine maso anga amakhala pa singano tsiku lonse, sindingathe kumuyang'anira mng'ono wako. Ntchito imeneyo ndakupatsa iwe. Ukamuona watenga pensulo, kaya supuni, kaya sizasi ndi manzere, menya pomwepo. Usamve chisoni, m'mera mpoyamba. Wamanzere amavutika, mwanawe. Akapereka moni anthu amati ndi wamwano, akalandira chinthu amati sanaleredwe. Ndiponso dzanja limenelo lili ndi tsoka, chimene lagwira sichilongosoka. Taona makina awa, gudumu lake lili mbali iti? Taona sizasi iyi. Ndinamupatsa tsiku lija kuti adule ndi manzere, si unaona wekha mmene inatafunira nsalu? Tikamulekerera lero, mawa adzatida ife tomwe kuti sitinamukonde."

Kapitawo anamva, ndipo anakhulupirira ndi mtima wonse. Nanga bambo ake akanamunamiza bwanji? Ntchitoyo anaigwira mwakhama, monga ankagwirira ntchito ina iliyonse. Kabatani akangoiwala, rula inali phwa! pa zala. Pamwamba pake ankawonjezera mawu akeake.

"Dzanja latsoka ili! Ukufuna utigwetsere mavuto m'nyumba muno?"

Zaka zinapita motero. Kabatani anaphunziradi kugwira pensulo ndi dzanja lamanja, koma abale, zolemba zake! Zilembo zina zinkagona, zina zinkakwera pa zinzake. Anzake akamatseka makope, iye ankakhala ali pa mzere wachitatu. Kalasi imene analimo anali ataibwereza kale, ndipo Atelala anali atanena poyera kuti akalepheranso mayeso a chaka chino, sukulu yathera pomwepo. Adzapita kwa azakhali ake, amene anali ndi khanda ndipo ankafuna mlezi.

2. Singano

Mayeso a Kabatani anali oti ayamba mkucha. Madzulo amenewo Kapitawo anakhala pa makina kupinda masiketi a yunifolomu. Mapazi ankapalasa, manja ankakankha nsalu, koma maso anali kwa mng'ono wake amene ankatola mabatani pansi.

"Iwe, dzanja liti limenelo?"

Sanawonjezerenso mawu ena. Singano inalowa pa chikhadabo cha chala chamkombaphala cha dzanja lake lamanja n'kutulukira kunsi. Mayo ine! Kukuwa kwake kunatulutsa ometa tsitsi a shopu yoyandikana, lumo lili m'manja, kasitomala wawo atametedwa mbali imodzi.

Ku chipatala anamanga zala ziwiri pamodzi ndi chibandeji chachikulu. Namwino ananena kuti dzanjalo lipume kaye, lisagwire chilichonse.

M'mawa mwake Kapitawo anapita ku sukulu monga mwa masiku onse. Aphunzitsi a sayansi analowa ndi choko chawo n'kuyamba kulemba pa bolodi ngati akuthamangitsidwa. Kapitawo anatenga cholembera ndi dzanja lamanzere. Iye ankati ndi nkhani yaing'ono.

Ha! Cholembera chinakana. Akafuna kupita uku, icho chinkapita uko. Anapanikiza mpaka pepala linabooka. Thukuta linatsika m'khosi, phewa linayamba kuwawa. Pamene ankamaliza mzere wachiwiri, aphunzitsi anali akufufuta kale bolodi kuti alembe zina.

Mnzake wa pa desiki, amene ankatchedwa Wailesi chifukwa pakamwa pake sipankatsekeka, anasuzumira m'kopemo n'kuphulika ndi phwete.

"Akapitawo, kodi mukulemba kapena mukujambula nyongolotsi?"

"Usandiyambe iwe."

Aphunzitsi anapereka mafunso oti ayankhe asanatuluke. Mayankho onse Kapitawo ankawadziwa, anali atawerenga. Koma belu litalira iye anali atayankha funso limodzi lokha. Aphunzitsi anatenga kope lake, analitembenuza uku ndi uku, n'kupukusa mutu.

"Apa ndiye nkhuku yapalasapo. Ndichonge chiyani pamenepa?"

Kalasi yonse inaseka. Kapitawo sanaseke, chifukwa mawu amenewo anawazindikira. Anali mawu omwewo amene iye ankamuuza Kabatani pafupifupi madzulo alionse. Manyazi anamugwira, ndipo misozi inalengeza.

Potuluka, Wailesi anaona kuti nthabwala zapyola malire. Anamunyamulira chikwama.

"Pepa mnzanga, usalire. Tonse tikudziwa kuti ndiwe wanzeru. Ndi dzanja chabe limeneli, si lako lolembera. Chala chikapola ubwerera mwakale."

Kapitawo anaima chilili pakati pa njira.

"Wati chiyani?"

"Ndati chala chikapola."

"Nanga Kabatani, chake chidzapola liti?"

Wailesi sanamve tanthauzo lake. Anayamba kufunsa ngati nayenso Kabatani wabayidwa ndi singano, koma mnzake anali atalanda kale chikwama n'kuyamba kuyenda mwandawala.

3. Pensulo

Atafika kunyumba, Kapitawo anapeza bambo ake akutuluka, akupita kukagula mazipi ndi ulusi.

"Wafika bwino," anatero Atelala. "Thalauza lakuda lili pa tebulolo mwini wake abwera madzulo ano, mawa akukayamba nalo ntchito. Makala ndaika kale mu simbi. Usite pang'onopang'ono ndi dzanja lili bwinolo."

Atachoka, Kapitawo anayala thalauzalo n'kuyamba kusita. Pansi, pafupi ndi dengu la zigamba, Kabatani anali atagona chafufumimba pa kope lake, kukonzekera mayeso. Lilime linali panja, pensulo atailimbitsa ngati akukhoma msomali. Dzanja lamanzere anali atalibisa pansi pa mimba.

Kapitawo anamuyang'ana kwa kanthawi. Anaona mmene phewa la mwanayo linkakwerera m'mwamba, chimodzimodzi mmene lake linachitira m'mawa. Anasiya simbi n'kukagwada pambali pake.

"Kabatani, tatenga pensuloyo ndi dzanja linalo."

Mwanayo anatukula mutu, maso ali tong'o.

"Ayi achemwali."

"Ndati tenga."

"Mukufuna mundimenye."

Mawu amenewo anamulasa Kapitawo kuposa singano ija. Anaimirira, anachotsa rula pa msomali n'kuiponya pamwamba pa kabati, pamene ngakhale iye sakanafikira popanda mpando.

"Waona? Palibe akumenye. Lemba."

Kabatani anatulutsa dzanja lija pang'onopang'ono, diso lili ku kabati. Anagwira pensulo. Chilembo choyamba chinanjenjemera. Chachiwiri chinaima bwino. Pofika mzere wachitatu, pensulo inali ikungothamanga yokha, zilembo zozungulira bwino, zofanana, chilichonse pamalo pake. Phewa linatsika, lilime linabwerera m'kamwa.

Kapitawo anangoti kakasi.

"Iwe! Unaphunzira liti kulemba chonchi?"

"Kuseri kwa nyumba," anayankha Kabatani monong'ona. "Ndimalemba pa dothi ndi kamtengo, kenako ndimafufuta ndi phazi inu musanabwere."

"Ndiye mafunso awa umawadziwa?"

"Onse. Koma nthawi imatha ndisanalembe."

Kapitawo anayamba kumufunsa mafunso a m'buku, wamng'onoyo akulemba mayankho. Tsamba linadzaza, anatembenuza lina. Kabatani anayamba kuseka, kuseka kwenikweni kwa mwana, kumene m'shopu muja kunali kutasowa nthawi yaitali. Nayenso Kapitawo anaseka, misozi ili m'masaya. Onse awiri sanamve mapazi pakhomo.

"Chikupsa n'chiyani muno?"

Anali bambo awo.

4. Thalauza la Kasitomala

Atelala anaponya jumbo ya mazipi pansi n'kulumphira pa tebulo. Atatukula simbi, utsi unafuka. Pa mwendo wa thalauza panali chibowo chofanana ndendende ndi simbiyo. Kapitawo anali ataisiya chogona pa nsalu m'malo moikhazika pa njerwa yake.

Kenako maso awo anagwera pansi, pa Kabatani, pensulo ikadali m'dzanja lamanzere.

"Ehe! Si zimenezi? Ndimanena chiyani ine? Ndangotuluka pang'ono, dzanja lija layamba kale ntchito yake!"

Kabatani anataya pensulo ngati yamuotcha. Atelala anafunafuna rula pa msomali, anaiona pamwamba pa kabati, anaitsitsa n'kuilozetsa kwa Kapitawo.

"Gwira. Ntchito yako ukuidziwa."

Inu amene munakulira m'nyumba ya makolo mukudziwa kuti kukana mawu a bambo si masewera. Kapitawo chibadwire anali asanakanepo. Koma anagwada, manja ake onse awiri n'kuwaika kumbuyo.

"Bambo, pepani. Sindimumenya."

"Wati bwanji?"

"Simbi ndaisiya ndine. Kabatani sanayandikire n'komwe tebulolo. Ngati pali womenyedwa chifukwa cha thalauza, ndi ine. Ndipo ndine ndamuuza kuti alembe ndi manzere."

"Wayamba liti kundiphunzitsa kulera ana?"

"Sindikukuphunzitsani, bambo. Ndikungopempha kuti muone."

Anatulutsa kope lake la sayansi m'chikwama, analitsegula pa tsamba la tsikulo n'kuliika pa tebulo. Pambali pake anaikapo kope la Kabatani.

"Ili ndi langa, ndalemba lero ndi dzanja limene si langa. Kalasi yonse yandiseka. Mayankho ndimawadziwa, koma ndapeza ziro. Ine ndi tsiku limodzi lokha ndipo ndalira. Kabatani wakhala akulemba chonchi chiyambireni sukulu, ndipo womumenya ndakhala ndili ine. Tsopano taonani zimene walemba ndi dzanja lake."

Atelala sanayang'ane. Anakhala pa mpando wa makina, rula ili pa miyendo, n'kupumira m'mwamba.

"Iwe ukuganiza kuti ndimamuda mwanayu? Ukuganiza kuti rula ikalira ine sindimva? Tamvera ndikuuze. Inenso ndinabadwa wamanzere. Eya, ine amene. Amene anandiphunzitsa kusoka ankandimangirira dzanja ili ku mwendo wa mpando ndi tepi yoyezera, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Ndinkalira, iwo osandiyang'ana n'komwe. Ankati, 'Dziko lino analisokera anthu amanja. Sizasi ndi yamanja, makina ndi amanja, moni ndi wamanja. Ukafuna kudya, lowa m'malaya amene alipo.' Ndinalowamo. Lero ndikukudyetsani ndi dzanja lomwe ndinalilirira. Ndiye iwe wabayidwa ndi singano dzulo lomweli, lero wadziwa kuposa ine?"

Ana onse awiri anayang'anana. Nkhani imeneyi anali asanaimvepo.

"Za sizasi ndi makina ndamva, bambo," anatero Kapitawo motsitsa mawu. "Koma pensulo ilibe mbali. Kodi inuyo ku sukulu zinkakuyenderani bwanji?"

Atelala anatembenuza nkhope. Anayang'ana panja, kumene ometa tsitsi ankasesa pakhonde.

"Ndinalekera kalasi yachitatu," anayankha. "Ankati ndine mbuli. Sindinkamaliza kulemba."

"Kabatani ali kalasi yachitatu."

Mpamene Atelala anakoka kope la mwana wawo. Analiyandikitsa ku zenera monga ankachitira ndi nsalu yofuna kuiona bwino mtundu. Anatsegula masamba akale, anabwerera pa atsopano, anapitanso pa akale. Chala chawo chinkatsata mizere. Anakhala choncho nthawi yaitali ndithu, mpaka makala a mu simbi anazirala.

"Walemba ndiwe izi, Kabatani?"

Mwanayo anagwedeza mutu movomereza, atabisala kumbuyo kwa mkulu wake.

Atelala anaimirira n'kupachika rula pa msomali. Mawu awo anatuluka okhakhala.

"Sizasi ayi, imeneyo sindinalole. Koma pensulo, mawa alembe ndi dzanja limene akufuna. Iwe Kapitawo, umuperekeze. Ukawauze aphunzitsi ake kuti ndatero ndine, chifukwa ndine ndinakawapempha kuti azimuletsa. Tsopano chokani apa, ndione mmene ndimuuzire mwini thalauza."

Mwini thalauza atafika, kunali phokoso losaneneka. Anakalipa mpaka anthu anadzaza pakhomo. Atelala anapepesa, analonjeza kusoka lina ndi nsalu yawo asanagone. Kapitawo anaima pambali pawo mutu uli pansi, pakuti mutu ukakula sulewa nkhonya. Palibe amene anaona kuti Kabatani wamva zonsezo ali kuseri kwa chitseko.

5. Pa Zenera

Kutacha, Kapitawo anamusongolera mng'ono wake pensulo ziwiri n'kumugwira dzanja mpaka ku pulayimale. Mtima wake unali mbee. Njira yonse ankangolankhula yekha, kumuuza kuti asathamange, awerenge funso kawiri. Kabatani sankayankha, ndipo mkulu wakeyo anangoti ndi mantha a mayeso.

Aphunzitsi a Kabatani anali mayi wachikulire wa magalasi. Anamvetsera uthenga wonse ataima pakhomo la kalasi, mapepala a mayeso ali m'khwapa.

"Bambo ako atero okha? Zikomo kwambiri! Ine mwana wanga ndinkangomvera iwo, koma zinkandipweteka. Ndaphunzitsa ana amanzere ambirimbiri, ena lero ndi anthu akuluakulu. Makolo timalakwa pofuna kukonza chimene sichinawonongeke. Koma ndikuchenjeze, mtsikana iwe. Mwana si nsalu yoti ukasoka molakwika umasula ulusi n'kusokanso tsiku lomwelo. Zimene wamva kwa zaka zimakhala m'kati. Pita ku sukulu, uchedwa."

Kapitawo anathokoza, koma sanapite. Anazungulira kuseri kwa kalasi n'kuima pa zenera limene linali pafupi ndi desiki ya mng'ono wake. Ankafuna angoona mzere woyamba wokha, kenako athamange.

Aphunzitsi anagawa mapepala. Atafika pa Kabatani anawerama n'kumuuza mokoma kuti lero ali ndi ufulu. Ana onse anatenga mapensulo awo. Nayenso Kabatani anatenga yake, koma ndi dzanja lamanja. Lamanzere analilowetsa pansi pa ntchafu n'kulikhalira.

"Kabatani!" ananong'ona Kapitawo. "Linalo! Bambo alola!"

Mwanayo anatembenuka. Maso anali ofiira, zikuoneka kuti sanagone bwino.

"Ayi achemwali."

"Palibe akumenye. Rula ili kunyumba."

"Si rula ayi. Dzulo ndangolemba nalo pang'ono, thalauza lapsa, bambo atukwanidwa."

"Simbi ndinaisiya ndine, iwe! Si unamva?"

"Munaisiya chifukwa cha dzanja langa. Ndi latsoka, munanena nokha. Mumanena tsiku lililonse." Anayang'ana pa pepala lake. "Ndikalemba nalo ndilephera, ndipita kwa azakhali. Ine sindikufuna kupita, achemwali."

Kalanga ine! Mawu amenewo analidi a Kapitawo, ndipo anali atawabzala yekha, tsiku ndi tsiku, mwakhama. Iye anasintha maganizo tsiku limodzi, n'kumayesa kuti mwanayo asinthanso tsiku lomwelo.

"Ndinkanama, Kabatani. Ndinkalakwitsa. Ndikhulupirire."

"Nanga dzana munkanena zoona, lero mukunena zoona, ndimve ziti?"

Kutali, belu la ku sekondale linayamba kulira. Kapitawo analimva, koma mapazi ake sanasunthe. Anagwira zitsulo za zenera ndi dzanja lake labandeji, osamva n'komwe kupweteka.

"Chete nonse," anatero aphunzitsi, akuyang'ana wotchi yawo. "Yambani."

Mitu yonse inawerama. Kabatani anapukuta mphuno ndi phewa, anatulutsa lilime, anapanikiza pensulo ndi dzanja lamanja, n'kuyamba kulimbana ndi chilembo choyamba cha dzina lake.